Kodi ndakatulo zanga ndingoziika pa Facebook?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti ali ndi ndakatulo ndi nkhani zifupizifupi zodzaza makope, anatumizako kwa osindikiza mabuku koma mpaka lero kuli zii. Funso lawo ndi ili: "Ndingoziika pa Facebook, kapena kutero n'kuzitaya? Nanga osandibera?"

Mayi, ziikeni. Koma musanadine batani, tiyeni tikambirane kaye.

Chiyambire pomwe Johannes Gutenberg anayamba kusindikiza ndi makina ake ku Mainz cha m'ma 1450, aliyense wofuna kuti zolemba zake zifike patali ankayenera kugwada kwa mwini makina. Pepala, inki ndi mayendedwe a mabuku zonse zimadya ndalama, ndiye wosindikiza amasankha zokhazo zimene akuona kuti zigulidwa. Amene akukhalirani chetewo mwina sanaone vuto m'ndakatulo zanu, angowerengetsera n'kupeza kuti ndalama yawo sibwerera. Ndakatulo siziyenda malonda, ngakhale za akatswiri.

Zinthu zinatembenuka mofulumira. Malo oikapo zolemba pa intaneti a Blogger anayamba mu 1999, enanso otero a WordPress mu 2003, Facebook mu 2004, YouTube mu 2005, ndipo mu 2007 kampani ya Amazon inalola aliyense kudzitulutsira yekha buku lowerengera pa Kindle, kachipangizo kake kowerengerapo mabuku. Lero foni ya m'manja yokha ikukwanirani. Mulemba pa Google Docs, musandutsa PDF, chikuto mukonza pa Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi, kabuku katheka. Kwa inu alakatuli ndingawonjeze kuti muzijambulanso mawu anu n'kutumiza pa WhatsApp, paja ndakatulo imakoma ikalowera kukhutu.

Chimene anthu saona n'chakuti wosindikiza uja sankangodinda. Anali ndi mkonzi wokuuzani mosapita m'mbali kuti ndime yachitatu ndi yofooka, ichoke. Munthu ameneyo pa Facebook palibe, ntchito yake yagwera inu. Anzanu adzakuponyerani timitima n'kulemba kuti "zafika", ena asanawerenge n'komwe. Pezani munthu mmodzi wosakunyengererani, awerenge musanaike, ndipo zimene mwalemba usiku zigone kaye mpaka mawa.

Muzionanso mmene ndakatuloyo ikuonekera pafoni. Mzere umene m'kope unali umodzi, pagalasi la foni umathyoka pawiri, mawu omaliza n'kulendewera okha pansi, kayendedwe konse n'kusokonekera. Foni nayo ili ndi khalidwe lokonza mawu a Chichewa n'kuwasandutsa Chingerezi, choncho zimitsani mbali imeneyo. Ndiponso Facebook imadula nkhani ikatalika, imangoonetsa mizere yoyambirira, yotsalayo mpaka munthu adine. Ngati mizere itatu yoyamba sinamugwire mtima, chala chake chapita kale pa chithunzi cha ukwati wa wina.

Tsono nachi chimene ndikufuna musaiwale: tsamba lanu la pa Facebook ndi munda wobwereka. Mwini wake ndiye amasankha amene aone zomwe mwaika, moti ngakhale okutsatirani si onse amene zimawafika. Atha kusintha malamulo kapena kutseka kumene. GeoCities, komwe anthu miyandamiyanda ankaika masamba awo, inatsekedwa mu 2009. Google+, malo ochezera ngati Facebook, inatha mu 2019, ndipo chaka chomwecho inzake MySpace inavomera kuti yataya nyimbo zimene oimba anaikapo kwa zaka zambiri. Makope anuwo musawataye. Chilichonse muzilemba kwina kaye, musunge m'malo awiri, kenako muzikopera pa Facebook. Mukaona kuti owerenga akuchuluka, tsegulani tsamba laulere pa WordPress pomwe zolemba zonse zikhale mwadongosolo, ndipo amene akukondani kwambiri muwapemphe maimelo awo kuti mudzathe kuwapeza zitavuta.

Za kuba, sindikunamizani, zimachitika. Wina akopera, achotsa dzina lanu, aika lake. Komabe m'mayiko amene anasaina pangano la Berne loteteza umwini wa zolemba, lomwe linayamba mu 1886, umwini wa cholemba umayamba pomwe mwachilemba, osadikira kukalembetsa kulikonse. Tsiku limene limaoneka pa zomwe mwaika lingakuthandizeni kusonyeza kuti munayamba ndinu, ndipo Facebook ili ndi fomu yodandaulira wina akakuberani. Dzina lanu lizikhala pansi pa ndakatulo iliyonse.

Musakhuthule zonse tsiku limodzi. Magazini ndi mipikisano yambiri imafuna zolemba zimene sizinaonekepo kwina, ndipo ina imawerenga za pa Facebook ngati zotuluka kale. Sankhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene mumazinyadira koposa, muzisungire mipikisano. Zotsalazo muziika imodzi pa sabata, tsiku lokhazikika, kuti owerenga azolowere kukudikirani. Yoyambayo munditumizire ulalo wake, ndidzaiwerenga ndi maso a mkonzi.