Ndalama ya belo ingaswane ku kasino?

Funso: Ndimagulitsa kaunjika ku Lilongwe, ndasunga K300,000 yoti ndiwodere belo lina. Mnzanga akuti tipite ku kasino kapena ndibetche pa Aviator ndalamayi iswane kaye, iyeyo anawinako. Ndiyesere?

Yankho: Achimwene, ya beloyo musayikhudze chonde. Kasino ndi geni ngati yanuyo, ndipo phindu lawo anawerengera kale inu musanalowe pakhomo. Taonani roulette, gudumu lija amaponyamo kampira. Lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36, koma mukalasa nambala amakupatsani K35 pa K1 iliyonse. Ndiye tinene kuti mwaika K1,000 pa nambala iliyonse kuti musaphonye, mwatulutsa K37,000, imodzi iwina ndithu, mulandira K35,000 kuphatikiza K1,000 yanu ija, yonse K36,000. Mwawina koma K1,000 yatsala kwa eni ake. Imeneyo ndi 2.7%, ndipo gudumu lokhala ndi 0 komanso 00 limadya kuposa 5%.

Kandege ka Aviator nakonso chimodzimodzi, anakapanga kuti kazibweza pafupifupi K97 pa K100 iliyonse yomwe anthu onse abetcha. K3 ikuoneka yochepa eti, koma palibe amabetcha kamodzi, ukawina umabwezanso momwemo, ukaluza umafuna kubweza yomwe yapita, ndalama yomweyo kuzungulira kambirimbiri uku akuibenthula pang'onopang'ono mpaka foni kuti balansi 0. Mnzanuyo mumupemphe akuonetseni mameseji a Airtel Money kapena Mpamba a mwezi wonse, muwerengere limodzi zomwe anaika ndi zomwe anatapa.

Ngati mukufunabe kukaona, pitani ngati kosangalala basi. Malo ake akhale a laisensi ya MAGLA, bungwe loyang'anira juga ndi lotale m'Malawi muno, ndipo mwana wosakwana zaka 18 saloledwa, musamubwereke foni yanu kuti abetchire. Tengani ndalama yoti ikapita simudandaula, kuchokera pa phindu mutachotsa kale ya lendi, ufa ndi fizi. Khadi la ATM lisiyeni kunyumba, muziikire nthawi yotulukira, mowa ayi, ikatha nyamukani. Ya banki mkhonde kapena katapila isayandikire n'komwe.

Chomwe chimandiwawa ndi kuona munthu wolimbikira atayamba kubisa kunyumba kuti ndalama yapita kuti. Mukadzaona zimenezo mwa inu, uzani akazi anu kapena m'bale wodalirika tsiku lomwelo, mupemphe kampaniyo itseke akaunti yanu. K300,000 yo kawodereni belo mawa m'mawa, isagonenso mufoni.