Gulu la ophunzira lomenyera chilungamo: muyambire pati?

Wophunzira wina wa chaka chachiwiri pa yunivesite ya boma watilembera imelo. Iye ndi anzake asanu ndi mmodzi akufuna kuyambitsa gulu lophunzitsana za ufulu ndi kulimbana ndi zokhota pasukulu pawo. Funso lake ndi lakuti: ayambe ndi mademo kuti adziwike? Nanga apewa bwanji kuchotsedwa sukulu?

Mademo asakhale poyambira. Yambani ndi nkhani imodzi yooneka ndi maso: ndalama za ngongole ya ophunzira zimene zikuchedwa, laibulale yopanda polowera njinga ya olumala, kapena mphunzitsi amene akufuna chibwenzi kuti apereke malikisi. Mukanyamula zonse pakamodzi, akuluakulu a sukulu adzakuyankhani yophwekayo, zinazo n'kuzikwirira.

Nkhaniyo muisonkhanitsire umboni m'kope limodzi: tsiku, malo, anthu angati akhudzidwa, kalata inapita kwa ndani. Zimene sukulu ikubisa, zipempheni molemba pogwiritsa ntchito Access to Information Act, lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Bungwe la boma liyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Kalata iliyonse ikhale ziwiri, inayo akudindireni, musunge.

Lembetsani gululo ku ofesi ya Dean of Students. Pamafunika malamulo a gulu (masamba awiri kapena atatu akwana), mayina a komiti, ndi mphunzitsi mmodzi wovomera kukhala mlangizi. Gulu losalembetsa silipatsidwa holo, ndipo pakavuta chinthu mlandu umagwera aliyense payekha. Ndalama zisakhale pa Airtel Money ya msungichuma. Zikhale ku akaunti ya gulu, osayinira akhale atatu, awiri azisayina pochotsa. Wandale akabwera ndi ma T-shirt ndi ya thiransipoti, m'thokozeni abwerere nazo. Mukangolandira, theka la ophunzira lidzati ndinu achipani, ndipo dzina limenelo silichoka.

Kuphunzitsana kuzichitika sabata iliyonse, ola limodzi, gawo limodzi la lamulo. Gawo 32 la Malamulo Oyendetsera Dziko likupereka ufulu wokhala m'gulu, gawo 38 wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere opanda zida. Gawo 42 aliyense alilowetse pamtima: womangidwa auzidwe chifukwa chake, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere.

Pa nkhanza zokhudza kugonana m'pofunika kusamala kwambiri. Gender Equality Act ya 2013 imati umenewu ndi mlandu, chilango chake K1 miliyoni ndi zaka zisanu kundende. Koma musaike dzina la woganiziridwa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Iye angakusumireni kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo wodandaulayo amadziwika tsiku lomwelo, kenako amachita mantha n'kusiya nkhani. Wodandaulayo muperekezeni ku komiti ya sukulu, ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku Malawi Human Rights Commission, iye mwini atavomera.

Makalata akapanda kuyankhidwa, apo ndiye mademo. Police Act ya 2010 imafuna kuti mudziwitse DC molemba, kope lina kwa mkulu wa polisi wa dera lanu, kutatsala maola osachepera 48 koma osapitirira masiku 14. Ndi chidziwitso, si kupempha chilolezo, ngakhale maofesi ena amachita ngati n'chimodzimodzi. Lembanimo njira, nthawi ndi mayina a otsogolera. Simuloledwa kufika mamita 100 pafupi ndi khoti, Nyumba ya Malamulo kapena nyumba ya boma yokhalamo Pulezidenti popanda chilolezo chapadera. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti katundu akawonongeka, okonza mademowo angalipitsidwe. Tsono ikani osungitsa bata ovala zowazindikiritsa, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo makamaka, chifukwa oponya miyala amalowera kumchira. Konzeranitu loya wodziwa tsikulo, nambala yake aliyense ailembe pamkono, poti foni imalandidwa.

Za kuchotsedwa sukulu, werengani buku la malamulo a ophunzira musanachite kanthu. Kawirikawiri mlandu umene amakupezani nawo ndi wosokoneza makalasi kapena kuswa zinthu, osati wolankhula. Mukaitanidwa ku komiti ya mwambo, pemphani mlanduwo molemba ndi nthawi yokonzekera. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limakupatsani ufulu woweruzidwa mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa molemba.

Pomaliza, ngati nonse asanu ndi awiri muli a chaka chachiwiri, mudzamaliza sukulu limodzi. M'komiti muikemo a chaka choyamba awiri kuyambira lero, ndipo kope la umboni lija ndi mapasiwedi azisungidwa ndi anthu a zaka zosiyana.