Za Desert Dash mwafunsazi

Achimwene, mwafunsa kuti ife amene tinapalasako njinga pa mpikisano wa Desert Dash ku Namibia sitidzaiwala chiyani, komanso ngati munthu wa kuno ku Harare angaukwanitse. Ine ndinapita m'timu ya anthu anayi ogawana magawo a ulendowu, ndiye ndinena zimene ndinaona.

Mpikisanowu umayambira ku Windhoek n'kukathera ku Swakopmund, koma asakunamizeni kuti ndi mtsetse wokhawokha. Zoonadi, Windhoek ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 pomwe Swakopmund ili m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, koma makilomita pafupifupi 400 amenewo amafunika kutha m'maola 24. Mumanyamuka masana, dzuwa la Disembala likuswa mtengo, ndipo mukangotuluka m'tauni chitunda cha Kupferberg chakulandirani kale. Kuchoka apo ndi mapiri a Khomas Hochland, kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, mpaka kutukwana chamumtima. Phuma lokha silinandivute kwenikweni, paja Harare nayo ili pamwamba ndipo tinkakonzekera ku Domboshava, kufupi ndi Harare.

Koma chimene chinandikhala mumtima ndi usiku. Gawo langa linagwa pakati pa usiku, pamsewu wafumbi wa timabampu tondondozana ngati malata. Njinga imangonjenjemera, manja anachita dzanzi moti botolo la madzi ndinkatsegula ndi mano. Kenaka tochi yapachiwongolero inayamba kuphethira, n'kuzimiratu. Mlandu wanga ndithu, sindinaitchaje mokwanira. Nditaima ndinamva kuti zii, popanda galu wouwa ngakhale tambala. Kucheuka m'mbuyo, timagetsi ta anzathu tili ndanda kutali uko ngati ziphaniphani, kumwamba nyenyezi zili mbuu. Mantha ndi kukoma zinabwera pamodzi.

Mayi wina amene ankapalasa yekha mtunda wonsewo anandipeza, anangoti tiyeni, n'kuchepetsa liwiro kuti ndiziona ndi tochi yake. Tinayenda limodzi mwina ola lathunthu osalankhulana. Dzina lake sindinafunse, mpaka lero zimandiwawa.

China chimene ambiri sayembekezera m'chipululu ndi kuzizira. M'mawa mukamayandikira kunyanja mumalowa m'nkhungu, chifukwa madzi a kumeneko ndi ozizira kwambiri, ndipo mphepo yake imakuwombani kumaso. Ine amene dzulo lake ndinkadzithira madzi m'mutu ndinafika ku Swakopmund mano akugundana, milomo itang'ambika, ndikulakalaka tiyi wa mkaka basi.

Ndiye kukwanitsa mungakwanitse, koma ulendo woyamba musadzionetse mphamvu popita nokha, pezani anzanu atatu. Ikani matayala opanda chubu, tengani jekete yopepuka, ndipo kabudula wake akhale amene munamuzolowera kale, osati wogula dzulo. Chachikulu, yambani kupalasa mumdima panopa. Ife Loweruka lililonse timanyamuka 4 koloko m'bandakucha kulowera ku Domboshava. Bwerani, koma tochi yanu ikhale yotchaja.