Pampu ya thanki ya mbuna: ndigule yamphamvu bwanji?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi malo ogona alendo ku Salima, ndipo polandirira alendo ndinaikapo thanki yagalasi ya malita 600 momwe ndikuwetamo nsomba za mbuna. Ndikufuna pampu yokhala m'kabati pansi pa thankiyo, yokoka madzi kudzera m'paipi n'kuwabwezera momwemo, njira imene amaitcha closed loop. Wogulitsa wina wandiuza kuti ndigule yokweza madzi mamita 5 poti idzakhala pansi. Kodi akunena zoona? Wowerenga, Salima.

YANKHO: Bambo, wogulitsayo akuganiza za pampu yotunga madzi pachitsime, pamene yanuyi ntchito yake ndi ina. Popeza paipi yokoka ndi paipi yobwezera zonse zalowa m'madzi amodzimodzi, madzi otsika amakankha madzi okwera, motero pampu sisenza kulemera kwawo ngakhale itakhala mita imodzi pansi pa thanki. Imangolimbana ndi kukhulana kwa madzi ndi mapaipi, makamaka m'makona. Choncho pabokosi musayang'ane mamita; yang'anani malita amene imayendetsa pa ola. Pampu yokweza madzi patali idzangokudyerani magetsi, kuchita phokoso ndi kutenthetsa madzi, pamene mbuna zimakhala bwino pa madigiri 24 mpaka 27.

Oweta nsombazi ambiri amafuna kuti madzi onse a m'thanki azungulire kasanu mpaka kakhumi pa ola, ndiye kuti kwa inu ndi malita 3,000 mpaka 6,000. Ine ndingasankhe ya malita 5,000 kapena 6,000, chifukwa nambala ya pabokosi amaiyeza popanda mapaipi, komanso mbuna, monga za m'miyala ya kuzilumba za Maleri kufupi ndi kwanuko, zinazolowera madzi amafunde okhala ndi mpweya wambiri. Pachifukwa chomwechi, paipi imodzi yobwezera iloze chapamwamba kuti madzi azigwedezeka pamenepo, pakuti mpweya umalowera pamwamba. Dziwaninso kuti njirayi imangoyendetsa madzi, sefa ikufunikabe payokha.

Malo amene ndikupempha kuti musamale kwambiri ndi mbali yokokera madzi, chifukwa mapampu ambiri amafera pamenepo. Mapampu a mtunduwu sadzikokera okha madzi ngati m'paipi muli mpweya, ndiye ayenera kukhala pansi pa mlingo wa madzi nthawi zonse. Paipi yokoka isachepe kuposa kukamwa kwa pampu, ikhale yaifupi, ndipo makona achepe. Mukaona kuti madzi akuthamanga kwambiri, muwachepetse pa valve (chotsegulira ndi kutsekera madzi) ya kotulukira, osati ya kolowera, pakuti pampu ikamanidwa madzi imapanga thovu limene limadya impeller, kachipangizo kozungulira kokankha madzi mkati mwake, ndipo imamveka ngati ikupera timiyala. Pakamwa pa paipi yokoka muvekepo kasefa kotakata kuti tiana ta nsomba tisayamwidwe, ndipo pakhale patali ndi mchenga, chifukwa mbuna zimakonda kukumba ndi kulavula mchenga umene umakanda mkati mwa pampu. Mbali zonse ziwiri muike valve yokhala ndi union, cholumikizira mapaipi chotheka kumasula, kuti muzichotsa pampu osakhuthula thanki yonse.

Pa mtundu wake, yoyendera maginito, monga zambiri za makampani a Eheim ndi Iwaki, ndi yodalirika poti ilibe seal, chotchingira madzi pa chitsulo chozungulira, yomwe ikatha imadonthetsa madzi m'kabati. Ya DC (magetsi a mtundu wa batire) ya mavoti 24 imalola kusintha liwiro ndipo n'kosavuta kuiyendetsa ndi batire kapena sola magetsi akazima. Onetsetsani kuti pampuyo, kapena adaputala yake ngati ndi ya DC, ndi ya mavoti 230 ndi 50 Hz monga magetsi athu, osati ya mavoti 120 ya ku America. Werengeraninso mayunitsi, chifukwa pampu ya mawati 40 yoyaka usana ndi usiku imadya pafupifupi mayunitsi 29 pamwezi.

Musanaitane mmisiri woboola thanki, fufuzani ngati galasi lake ndi la tempered, lolimbitsidwa ndi moto, chifukwa lotero limaphwanyika lonse likangoboledwa. Ngati ndi lotero, mapaipi adutse pamwamba pa mkombero, ndipo mudzayenera kuwadzaza madzi musanayatse pampu.