Chipilala cha mlongo wanu: mangani, koma dzina lisalembedwe mwachidule

Kalata yanu, achemwali, yatha sabata ziwiri m'foni mwanga ndisanaiyankhe. Mwati mlongo wanu anafera ku Congo ali pantchito yausilikali, ndipo inu mukufuna kumanga kachipilala kachikumbutso pamsika wakwanu, koma amalume anu akuti chiliza chakumanda chakwana, zinazo n'kudzionetsera. Ndinawerenga, n'kutseka foni, chifukwa munandikhudza pachilonda.

Agogo anga aakazi, mayi a bambo anga, sanawadziwe bambo awo. Bambo awowo anatengedwa mu 1917, agogowo akadali kumsana, kukakhala mtengatenga pankhondo imene akuluakulu ankaitchula kuti ya Chiwaya. Mfuti sanaigwirepo. Ntchito yawo inali kusenza ufa, zipolopolo ndi katundu wa asilikali pamutu, ulendo wapansi kulowera kumpoto, kudziko limene panthawiyo linali m'manja mwa Ajeremani. Anzawo awiri a m'mudzi anabwerako atatsala mafupa okhaokha. Wina anati anawasiya akutsegula m'mimba pansi pa mtengo, winayo anati ayi, anakomoka ali pamzere ndipo ulendo sunaime. Basi, mbiri yonse ndi imeneyo.

Chimene sindiiwala ndi tsiku lolambula kumanda. Banja lililonse linkapita pamtumbira wa m'bale wawo ndi khasu ndi tsache. Agogo ankalambula pa amayi awo, akamaliza n'kupitiriza kusesa pambali pake, pamalo opanda kanthu, kamalo kokwana mphasa imodzi. Ine ndili mwana ndinawafunsa kuti pamenepo pagona ndani. Anangoti, "Sesa, iwe." Ndinadzamvetsa ndili wamkulu, iwo atapita kale.

Ndiye tsiku lina tili kusekondale anatitengera ku Zomba kukaona nsanja ya njerwa zofiira ija, pafupi ndi Cobbe Barracks, yokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu lankhondo la m'nthawi ya atsamunda a ku Britain. Ndinaizungulira kawiri mtima uli dididi, ndikuganiza kuti mwina agogo a bambo anga ndiwapeza pamenepo. Aphunzitsi anandiuza mwachifatse kuti nsanjayo ndi ya asilikali, ndipo mtengatenga sankawerengedwa ngati msilikali. Taganizani: Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 pankhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amtengatenga anali pafupifupi 200,000, ndipo ambiri mwa omwalirawo anaphedwa ndi njala, kamwazi ndi malungo. Mu 2021 bungwe losamalira manda a ofera kunkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza lokha kuti anthu ofera pankhondoyo osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo akuda, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo nduna ya chitetezo ya ku Britain inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako kunabwera patatha zaka zoposa 100. John Chilembwe anaziona zimenezi nkhondo itangoyamba, mu November 1914, magazi atakhetsedwa kale ku Karonga, pamene analemba kalata yodandaula kuti amphawi ndiwo akukafera nkhondo ya eni ake, kusiya akazi amasiye ndi ana pamavuto.

N'chifukwa chake mawu akuti "kudzionetsera" andiwawa. Amalume anu ndiwalemekeza, ndi eni mbumba, ndipo mwina akuopa kuti anthu anena kuti banja ladya chipepeso n'kuyamba matama. Koma pano alakwitsa, ndipo sindibisa. Kumanda kwathu kuno sikupitidwa wamba. Mwana wasukulu sangangolowa kumsitu kukawerenga chiliza, amuyesa mfiti. Chiliza ndi cha pabanja. Munthu amene anavala yunifolomu ya dziko n'kubwerera m'bokosi lokutidwa ndi mbendera anafera tonse, kuphatikizapo amene sanamudziwe, ndiye dzina lake liyenera kukhala poti wogulitsa tomato ndi wakabaza aziliona tsiku ndi tsiku mpaka kuliloweza osafuna.

Mukulikumbukira dzina la Chancy Chitete? Anthu ambiri amene ndawafunsa amakanda m'mutu. Anali Private m'gulu la asilikali a Malawi osungitsa mtendere ku Congo. Mu November 2018, kufupi ndi Beni, pomenyana ndi zigawenga za ADF, anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Omary, atavulala pamtetete zipolopolo zikuvumba. Anapita kukamukokera pamalo obisika, ndipo akumupatsa chithandizo choyamba anawomberedwa n'kufa. Omary anapulumuka. Mu May 2019 ku New York, mkulu wa United Nations António Guterres anapereka kwa mkazi wake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yotchedwa dzina la msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambirimbiri ku Rwanda mu 1994 iye asanaphedwe. Mendulo imeneyi siiperekedwa chisawawa. Dziko lonse lapansi linamuimirira Chitete, ife kuno patangopita zaka zochepa tikufunsana kuti kodi anali woimba kapena wampira. Mu January 2025 tinatayanso asilikali ena atatu kum'mawa kwa Congo komweko. Tchulani mmodzi.

Ndisakunamizeni, njerwa pazokha sizikumbukira munthu. Ndinaonapo chipilala china pamphambano chitasanduka pomata mapepala a misonkhano yachitsitsimutso ndi a asing'anga obweza mwamuna wothawa, kunsi kwake atamangirirapo mbuzi. Nthawi zina ndimaganiza kuti chikumbutso chimene chinagwira ntchito kuno ndi magule. Malipenga a ku Nkhata Bay, beni wa ku Mangochi, mganda: mayendedwe aja, mizere ija, zovala zija ndi pelete wa asilikali amene anthu anamutenga n'kumusandutsa gule. Palibe anasonkha simenti, koma mpaka lero anyamata akuguba. Mwina tsiku lotsegulira chipilala chanu muitane gule wakwanu, osati zolankhula zokhazokha za alendo olemekezeka zofika dzuwa kupendeka.

Nanga muyambire pati?

Yambani ndi mlamu wanu. Ngati ana a malemu akusowa fizi, chipilala chidikire, ndipo ndalama zake zisachoke pa chuma cha amasiye ngakhale tambala. Akavomera iye, pitani kwa amfumu pamodzi ndi amalume omwewo, iwo ndiwo akayankhule, mudzaona mtima wawo ukufewa. Ngati malowo ndi apamsika kapena m'mbali mwa msewu, kafunseni chilolezo kukhonsolo, ndipo akuluakulu a kumene ankagwira ntchito muwadziwitse kuti udindo ndi tsiku zilembedwe zolondola. Chikhale chaching'ono, chofika m'chiuno, mawu ogoba pamwala osati openta. Mukatha, chiikeni pafupi ndi mjigo kapena pachipata cha sukulu, pamene pamakhala wosesa.

Ndipo mulembe m'Chichewa, dzina lonse, la makolo ndi la mfunda lomwe, mudzi wake, kumene anafera, ndi chiganizo chimodzi chonena zimene anachita. Zilembo zoyamba zokha ayi. Kwathu tinakumana chaka chatha kuti mwina ifenso tiike kamwala pamalo aja agogo ankasesa. Simenti inapezeka, mmisiri anapezeka. Tinakanika pa dzina: azakhali akutchula lina, abambo aang'ono lina, ndipo amene akanatiweruza onse ali kumsitu komweko.