Thireyi ya Xbox 360 ikamakana kutuluka, yambani mwaona kalamba

Achimwene ena a ku Rosettenville anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti: "Ndinagulira ana Xbox 360 yoyera ija pashopu ya katundu wakale kuno ku Johannesburg. Magemu ikusewera bwinobwino, koma ndikadina batani lotsegulira imangolira pang'ono, thireyi osatuluka, mpaka nditaimenya pamwamba. Mnyamata wina wokonza mafoni akuti ndigule draivi ina. Nditani?"

Achimwene, kumenyako lekani, ndipo ndalama ya draiviyo, chipangizo chimene chimalandira ndi kuwerenga disiki, isungeni kaye. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona kuti vuto ndi kalamba kamphira kamene kamayendetsa thireyi. Makinawa si amakono ayi. Xbox 360 inayamba kugulitsidwa mu 2005, yopyapyala ija yotchedwa S inabwera mu 2010, ndipo Microsoft inasiya kuwapanga onse mu 2016. Yanu yoyerayo iyenera kuti ndi ya m'gulu loyambirira, ndiye kalambako kakalamba ndithu. Mphira ikakhalitsa imatamuka, imauma, n'kuyamba kuterera. Onjezani fumbi la kuno, makamaka la mphepo ya Ogasiti, ndi kutentha kwa m'kati mwa makinawo.

Mmene zimayendera m'katimo ndi motere. Kutsogolo kwa draivi, kunsi kwa thireyi, kuli kamota kakang'ono kokhala ndi kagudumu. Kalambako kamazungulira kagudumuko ndi gudumu lina lokulirapo, lomwe limapukusa magiya. Zili ngati lamba wa chigayo: akakhwepa, injini imalira mmene imalirira masiku onse koma chimanga osagayika. Kulira kumene mukumvako ndi kamota kakuzungulira pakokha.

Koma pali china chimene anthu ambiri sadziwa, ndipo n'chimene chingakutsimikizireni matendawa musanamasule chilichonse. Thireyi ikalowa, kachitsulo kozungulitsa disiki kamakwera n'kukagwirana ndi maginito amene ali pamwamba, disiki n'kupanika pakati. Kuti thireyi ituluke, kamota kaja kayenera kuyamba kalekanitsa ziwirizi, ndipo apa ndi pamene pamafunika mphamvu zambiri. Mukakhala mulibe disiki, maginito amagwira zolimba kwambiri chifukwa palibe chotchinga pakati. Ndiye yesani izi: ikani disiki, tsekani, dinani batani. Kenako chotsani disikiyo muyesenso. Ngati ikutseguka mosavuta muli disiki koma ikukanirira mukakhala mulibe, ndi kalamba basi. Kumenya kuja kumathandiza chifukwa kumagwedeza maginitowo, koma pafupi pomwepo pali diso lowerenga disiki, ndipo silifuna kugwedezedwa choncho.

Za draivi ina, mnyamatayo mwina sanafune kukupusitsani, koma Xbox 360 si DVD ya pabalaza. Draivi iliyonse ili ndi nambala yachinsinsi yomwe inalembedwanso m'bodi, kathabwa ka tizipangizo tamagetsi ka m'kati mwa makina akewo. Mukangozula draivi kwina n'kuika mwanu, magemu sadzasewera. Pamafunika munthu wodziwa kusamutsa kabodi ka draivi yakale kapena nambalayo. Ntchito yonseyo chifukwa cha kamphira kotchipa kuposa chakudya chamasana? Ayi.

Ubwino wake ndi wakuti kalambako mungakafikire osatsegula bokosi lonse. Goneketsani makinawo patebulo pamalo owala. Chotsani chivundikiro chakutsogolo: pa yoyerayo chimangogwira ndi timano, ndiye lowetsani chala m'kachitseko ka USB n'kukoka pang'onopang'ono. Yatsani, tsegulani thireyi, ndipo ili chitulukire zulani waya wamagetsi kuti isabwerere zala zanu zili m'kati. Ikakaniratu kutuluka, pansi pa draivi pali timabowo. Wongolani kawaya kopanira mapepala, lowetsani n'kukankha mpaka thireyi isunthe pang'ono, kenako ikokeni ndi dzanja mofatsa.

Unikani ndi tochi ya foni kunsi kwa thireyi. Mudzaona kamphira kakuda, kochepa ngati mphete yaikulu. Pindani nsonga ya kawaya kaja ikhale ngati mbedza, kolani kalambako n'kukatulutsa. Kagwireni m'manja mukaone. Kotha kamakhala konyezimira, koterera, nthawi zina kong'aluka, ndipo sikakhalanso kozungulira bwino, kamatsala ndi mapindiko a mmene kanakhalira pamagudumu zaka zonsezi.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti musapupulume. Musanaike katsopano, pukutani mizere ya magudumu onse awiri ndi kathonje kotokosera m'khutu konyowetsa ndi isopropyl alcohol, sipiliti wopanda utoto wopukutira zipangizo zamagetsi. Pukutani, zungulitsani gudumu ndi kawaya, pukutaninso, mpaka kathonje kasiye kuda. Anthu ambiri amadumpha zimenezi, kalamba katsopano n'kukakhala pa litsiro lakale, pakapita miyezi yochepa n'kumati anawagulitsa kabodza. Sipiliti wofiirira uja wa methylated ine sindimukonda pa ntchito iyi chifukwa amasiya utoto. Mafuta a mtundu uliwonse, kaya ophikira kaya opopera aja, asayandikire n'komwe. Kalamba kamagwira ntchito chifukwa chogwira zolimba, osati kuterera.

Poika, yambani kukoleka pa gudumu lalikulu, kenako kokerani pa kagudumu ka mota ndi katwiza, kachitsulo kopanira tinthu ting'onoting'ono, kapena kawaya komwe kaja. Onetsetsani kuti sikanapotoke ndipo kakhala mumzere. Kakagwera m'kati musade nkhawa, pendeketsani makinawo kagwe panja. Lumikizani magetsi, yesani kangapo muli disiki, kangaponso mulibe. Chivundikiro mubwezere pomaliza.

Kogula: lembani dzina la makina anu ndi mawu akuti drive belt pa mashopu a pa intaneti monga Takealot kapena Bob Shop muone ngati kalipo. Apo ayi, tengani kakaleko m'thumba mupite nako kwa okonza mawailesi ndi ma DVD, ku Fordsburg, ku Mayfair kapena m'tauni, chifukwa timalamba ta makina a DVD n'tofanana. Draivi za m'makinawa zinapangidwa ndi makampani osiyana, Hitachi, Samsung, BenQ ndi Lite-On, ndiye kupita ndi chitsanzo n'kwabwino kuposa kungotchula dzina. Sankhani kocheperako pang'ono poyerekeza ndi kakaleko, poti kakaleko kanatamuka, koma osati kothina kwambiri moti n'kulemetsa kamota. Timalabala tomangira ndalama kapena tsitsi tisiyeni. Timatamuka mopitirira, timaduka msanga, zidutswa n'kugwera m'magiya.

Mudzamva ena akuti viikani kalamba kakale m'madzi owira kabwerere m'chimake. N'zoona kuti nthawi zina kamagwirako, ndipo ngati ana akukuvutitsani Loweruka madzulo mashopu atatseka, chitani. Kaume kaye musanakabwezere. Koma mphira yotha ndi yotha, vutolo lidzabwerera. Podikira katsopano, muzisiyamo disiki nthawi zonse kuti maginito aja asagwirane kwambiri, makamaka yokalikakalika imene simuifunanso.

Mukasintha kalamba koma thireyi n'kumakanabe, mvetserani bwino podina batani. Kukakhala zii, kamota osalira n'komwe, ndiye kuti vuto ndi kamotako, batani, kapena waya wa draivi. Kukamveka phokoso la magiya akudumphana, pali dzino lothyoka kapena thireyi yachoka munjira yake. Pamenepo bokosi liyenera kutsegulidwa, ndipo mundilemberenso mundiuze mmene ikulirira ndi mtundu wa draivi yanu, tidzapitirize kuchokera pomwepo.