Zimitsani ma phase ena load ikachepa

Mwafunsa chifukwa chimene buck converter yanu (chida chotsitsa voltage ya DC) ya ma phase anayi (zigawo zinayi zogawana current) imagwirira bwino load (current imene ikukokedwa pa output) ikakhala yaikulu, koma ikatsika kufika pa ma amp awiri kapena atatu efficiency (gawo la mphamvu yolowa limene limafika ku output) imagwa. Gwero lake ndi loti phase iliyonse imadya mphamvu ngakhale isakunyamula kanthu. Kuyatsa gate ya MOSFET (transistor yogwira ntchito ngati switch) kumadya Qg (charge yofunika kuyatsira gate) kuchulukitsa ndi voltage ndi frequency: 20 nC pa 5 V ndi 500 kHz ndi 50 mW pa MOSFET imodzi yokha. Kuwonjezera apo pali zotayika mu core ya inductor ndi mu Coss (capacitance ya output ya MOSFET), zonsezi kanayi.

Ine ndingayambe ndi phase shedding, ndiko kuzimitsa ma phase ena load ikachepa. Yezani efficiency ndi phase imodzi, ziwiri, kenako zinayi, ndipo pamene mizere yake ikudutsana ndi pomwe muike malire. Musaiwale hysteresis (kusiyanitsa malire oyatsira phase ndi malire oizimitsira), apo ayi controller izingoyatsa n'kuzimitsa phase load ikamasewera pamalirepo, ndipo mudzaziona pa oscilloscope ngati timafunde tobwerezabwereza pa output.

Phase yotsalayo ipatseni diode emulation, kuti low-side MOSFET izizima current ya inductor ikafika pa ziro, isabwerere mmbuyo. Load ikachepetsetsa, pulse skipping (kudumpha ma pulse ena oyatsira MOSFET) imathandizanso.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti muyese load step, ndiko kusintha kwadzidzidzi kwa load. Ndi phase imodzi ripple (timafunde ta voltage pa output) imakula chifukwa palibenso interleaving (kuyatsa ma phase mosinthana nthawi) yoichepetsa, ndipo load ikadumpha mwadzidzidzi ma phase ogonawo ayenera kudzuka msangamsanga. Akachedwa, voltage imagwa pokhapokha ma capacitor a output akhale okwanira kuigwira.